Lilongwe mpaka Joni pa ndege ndi maola angati kwenikweni?

Achemwali ena a ku Area 25 anditumizira imelo, akuti akufuna kukaona achimwene awo ku Joni ndipo aka ndi koyamba kukwera ndege. Apeza matikiti atatu pa intaneti, ina ikuti maola awiri ndi theka, ina pafupifupi anayi, inayo ikuti akafika mawa lake. Ndiye akufunsa kuti mtunda ndi womwewo nanga nthawi ikusiyana bwanji, kapena kumeneko wotchi yawo ndi ina?

Achemwali, za wotchizo chotsani nkhawa. Malawi ndi South Africa nthawi ndi imodzi, ikakwana 12 koloko ku Lumbadzi ku Joni ndi 12 kolokonso, ndiye zomwe zalembedwa pa tikitipo ingowerengani mmene zilili.

Kuchoka pa Kamuzu International Airport kukafika pa OR Tambo mlengalenga ndi makilomita pafupifupi 1,500. Ndege zimenezi zikakhazikika mmwamba zimathamanga cha m'ma 800 pa ola, mukawerengetsa mupeza kuti sakukwana maola awiri, koma ndege siyiyamba ndi liwiro limenelo ayi, imayamba yayenda pansi kukafika poulukira, kenako kukwera pang'onopang'ono, kukafika uko kutsikanso mwa ulemu, nthawi zina kudikirira anzake atere kaye poti OR Tambo ndi bwalo lotanganidwa zedi. Zonsezi amaziphatikiza, n'chifukwa chake tikiti yoyamba ija ikuti awiri ndi theka. Imeneyo ndi yachindunji.

Ya maola anayiyo muyang'anitsitse, mupeza penapake palembedwa BLZ. Ndi Chileka imeneyo. Lilongwe mpaka Blantyre sipakwana ndi ola lomwe, koma mukatera mumadikira ena atsike ena akwere, katundu alowe, ndiye muuluke kachiwiri makilomita ena cha m'ma 1,350, maola awiri enanso. Sizoipa, ine ndimaikonda chifukwa kukacha bwino phiri la Mulanje mumatha kuliona patali apo.

Koma yachitatuyo, eeh. Ngati pali ADD kapena NBO ndiye kuti mukuyamba mwapita kumpoto, Addis Ababa kapena Nairobi, kukasintha ndege kenako n'kubwerera kummwera kudutsanso kufupi ndi kwanu komwe. Zili ngati munthu wa ku Dedza wofuna kupita ku Nsanje akuyamba wakafika ku Karonga. Ndipo kumeneko ndi kumene wotchi imasintha, ali patsogolo ndi ola limodzi, mukaiwala mutha kutsalira mutakhala pa mpando pomwepo mukumwa tiyi. Kwa munthu woyamba kuyenda ine sindingakulimbikitseni ngakhale itatchipa bwanji.

Chinanso, nthawi ya pa tikiti si ya ulendo wonse. Pa eyapoti mufike maola awiri kapena atatu isananyamuke, ndipo ku Joni mzere wodindira mapasipoti ndi kudikira chikwama zitha kukudyerani ola lathunthu, ndiye achimwene aja musawauze kuti adzakuoneni panja ndege ikangotera. Mukaphatikiza zonse ndi maola 6 kapena 7 kuchoka pakhomo panu mpaka kutuluka pa OR Tambo. Anzanu a pa basi nthawi imeneyo amakhala asanawoloke ndi mlatho wa Tete womwe, Nyamapanda ndi Beitbridge zikuwadikira.

Tengani yachindunjiyo ngati ndalama ikulola, ikavuta ya Chileka. Ndipo juzi musaiwale ngati mukupita mu Juni kapena Julaye, kuzizira kwa ku Joni si kwa ku Lilongwe.