Kukwera khoma lalitali la thanthwe uli wekha: ugule chida chiti?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti wakhala akukwera matanthwe ndi mnzake, kuika ma cam ndi ma nut (zitsulo zokolekapo chingwe) m'ming'alu amakudziwa, ndipo tsopano mtima wake uli pa kukwera khoma lalitali yekha mwa njira ya aid, ija umapachika chitsulo m'thanthwe n'kukwera popondera makwerero a nsalu. Akufunsa kuti agule Silent Partner kapena GriGri, zida zogwira chingwe munthu akagwa, komanso kuti china chofunika n'chiyani.

Zikomo pondilembera. Za chidazo ndiyankha, koma tiyambe ndi kukula kwa ntchito imene mukuifunayi. Mukakhala awiri, wina amatsogola, wina amabwera pambuyo akuzula zitsulo. Mukakhala nokha, pitch iliyonse (gawo la khoma limene mumakwera ndi chingwe chimodzi) mumaiyenda katatu. Mumakwera mukuika zitsulo, mumatsika ndi chingwe kubwerera pa anchor (malo olimba omangirirapo chingwe) ya m'munsi, kenako mumakweranso ndi ma jumar (zida zokwerera pa chingwe) mukuchotsa zonse zija. Mukatero chikwama cha katundu chikudikira kuti muchikoke. El Capitan, thanthwe la ku Yosemite ku America, ndi wamtali mamita pafupifupi 900, ndiye werengerani nokha. Royal Robbins atakwera njira ya Muir Wall yekha mu 1968, woyamba kukwera El Capitan popanda mnzake, zinamutengera masiku pafupifupi 10. Mu 1972 Charlie Porter anatsegula njira ya Zodiac ali yekhanso. Zida zimene mukufunsazi kunalibe nthawi imeneyo.

Malo amene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi anchor. Mbali imodzi ya chingwe imamangidwa pamenepo, chingwecho n'kudutsa pa chida chimene chili pa harness yanu (lamba womanga m'chiuno ndi m'ntchafu). Mukagwa, chingwe chimakolekeka pa chitsulo chanu chapamwamba n'kukokera anchor m'mwamba. Anthu ozolowera kukwera awiriawiri amamanga anchor yolimba pokokera pansi pokha, ndipo yotereyo ikhoza kuzuka. Yanu ilimbe mbali zonse ziwiri, chifukwa mukaterereka musanaike chitsulo choyamba, mphamvu yonse idzaikokera pansi. Ambiri amalumikizako chikwama cholemera chija kuti kulemera kwake kufewetse kugwako. Zitsulo ziwiri kapena zitatu zoyambirira zikhale zosakayikitsa ngakhale pang'ono.

Tsopano chida. Silent Partner ili ndi gudumu lomwe mumamangapo mfundo ya clove hitch, ndipo likazungulira mothamanga limadzitseka. Imagwira ngakhale mutagwa chadodolido, koma anasiya kuipanga, choncho mudzaipeza yogwiritsidwa kale ntchito, komanso simayenda bwino chingwe chikaundana ndi kuzizira. GriGri ambiri amaigwiritsa ntchito pa aid, koma a kampani yake ya Petzl sanaipangire zimenezi. Ikapanikizika ndi thanthwe kapena ndi chida china pa harness, ikhoza kulephera kutseka. Chida chakale chotchedwa Soloist sichigwira munthu amene wagwa mutu uli pansi.

Maganizo anga ndi akuti muyambe ndi clove hitch pa ma carabiner (ngowe zachitsulo zotseka) awiri okhoma. Imachedwetsa, inde, koma pa aid munthu sathamanga, ndipo imakuphunzitsani kudziwa utali wa chingwe chimene mwadzipatsa nthawi ina iliyonse. Mukadzagula chida pambuyo pake, chizolowezicho mudzakhala nacho kale. Ndipo kaya mwasankha chiti, mfundo yachiwiri yodzitetezera musaisiye. Pakapita mamita angapo, mangani mfundo pa chingwe chotsala n'kuikoleka pa harness ndi carabiner yakeyake yokhoma. Chida chikakana kugwira, mfundoyo ndi imene idzakuimitseni.

Pali vuto lina lobisika limene ongoyamba saliyembekezera. Mukafika patali, chingwe cha m'munsi mwanu chimalemera n'kuyamba kudzikoka chokha kudutsa pa chida, mwakachetechete. Inu mukuganiza kuti mukagwa muima pafupi, pomwe chingwe chalendewera chambiri kumunsi. Mankhwala ake ndi kuchigwiriziza pa chitsulo cholimba mukakwerako pang'ono, ndi kamphira kapena kachingwe kakang'ono ka prusik, kuti kulemerako kutsalire pamenepo. Chingwe chotsalacho muchipinde bwino pa harness kapena m'kathumba. Mphepo ikachikoleka pa mwala kumunsi, wokachimasula ndinu nomwe.

Kakweredwe kake sikasiyana ndi ka anthu awiri. Ikani chitsulo, kolekani makwerero, chiyeseni podumphadumpha mukadali pafupi ndi chakale, nkhope mutayang'anitsa kumbali, chifukwa chikazuka chimabwera ndi liwiro. Chikalimba kwerani, dzikolekeni ndi fifi hook (kangowe ka pa harness), ndipo chingwe muchilowetse chitsulocho chikafika m'chiuno. Samalani ndi daisy chain, lamba wokulumikizani ku chitsulo. Sitambasuka ngati chingwe chokwerera, ndiye kugwera pa iyo, ngakhale pang'ono chabe, kumapweteka msana ndi kuzula zitsulo. Ma hook, ma beak ndi ma copperhead, tizitsulo tongogwira pang'ono ta njira zovuta za mlingo wa A3 kupita m'tsogolo, adikire kaye. Yambani ndi mlingo wosavuta wa C1, pomwe chilichonse chimene mwaika chikhoza kukugwirani.

Za katundu sindichulutsa. Mufunika chingwe chachiwiri chokokera chikwama, pulley yodzitseka monga Micro Traxion, chisoti, magolovesi, portaledge (bedi lopachika pakhoma) yokhala ndi chophimba mvula, ndi sleeping bag yosakhala ya nthenga, chifukwa ya nthenga ikanyowa sifunditsa. Madzi ndiwo amalemeretsa chikwama: malita 3 kapena 4 pa tsiku, lita iliyonse kilogalamu imodzi, ndipo wa yekha amakhalitsa pakhoma. Pogona mukhalebe omangirira. Ku Yosemite muyenera kukhala ndi chilolezo ngati mukagone pakhoma, ndipo chimbudzi chanu mumatsika nacho.

Musanapite ku khoma lalikulu, pezani thanthwe lalifupi la pitch imodzi. Chitani zonse mwadongosolo: kutsogola, kumanga anchor yapamwamba, kukhazika pulley, kutsika chingwe chili ndi mfundo kumapeto, kumasula chikwama pang'onopang'ono, kukwera ndi ma jumar, kukoka. Bwerezani mpaka manja azichita okha ngakhale mutatopa, chifukwa zolakwika zimabwera madzulo pa anchor, mutu utazizira ndi njala. Phunziraninso kutsika ndi chikwama cholemera, popeza tsiku lina nyengo idzakubwezani. Ngati kuli kotheka, kwerani khoma limodzi lalitali ndi mnzanu uja musanayese nokha. Ku Yosemite ambiri amayambira pa South Face ya Washington Column. West Face ya Leaning Tower nayo imatchulidwa, koma ndi yopendekera kunja kwambiri moti kubwerera pakati panjira n'kovuta. Ndipo musananyamuke, uzani munthu dzina la njira imene mukukwera ndi tsiku limene ayambe kukufunafunani mukapanda kutsika.