Masiku awiri ku Valletta ndi lenzi imodzi

Achemwali, mwati muli ndi masiku awiri okha ku Valletta, likulu la Malta, kamera yanu ili ndi lenzi yokoka ya 18-55mm basi, ndipo zithunzi zanu za m'misewu yopanikizika zimatuluka kumwamba kuli mbee, pansi kuli bii. Lenziyo ikukwanirani ndithu. Chomwe muyenera kudziwa musanatsike basi pa Triton Fountain ndi mmene mzindawu unakhalira ndi kumene dzuwa limadzera.

Valletta ndi kamzinda kakang'ono, kotalika pafupifupi kilomita imodzi, komangidwa pa mtunda wolowa m'nyanja pakati pa madoko awiri. Jean de Valette anayamba kuumanga mu 1566, patangotha chaka asilikali a Ottoman atalephera kulanda Malta, ndipo Francesco Laparelli analemba misewu yake yowongoka ngati mizere ya m'munda. Republic Street imachokera ku City Gate, kumwera chakumadzulo, n'kukathera ku Fort St Elmo, kumpoto chakum'mawa. Choncho mbali ya doko la Grand Harbour imalandira dzuwa la m'mawa, pomwe mbali yoyang'anizana ndi tauni ya Sliema, kutsidya kwa doko linalo, imalandira la madzulo. Ulendo wanu wonse muukonze potengera zimenezi.

Lawirirani. M'miyezi yotentha dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo pofika cha m'ma 10 khamu la alendo otsika m'sitima zapamadzi limakhala litadzaza Republic Street. Yambirani pa masitepe a St Lucia Street ndi St Ursula Street, kenako St Barbara Bastion. Apa mpamene pali timakonde tathabwa totseka totchedwa gallarija, tobiriwira, tofiira, tabuluu, titandandalika pakhoma. Ambiri amaika lenzi pa 18mm n'kuloza m'mwamba, nyumba n'kuoneka ngati zikugwera chagada. Inu kwerani masitepe angapo, bwererani m'mbuyo, ikani pa 40 kapena 55mm, kamera ikhale yowongoka. Makondewo adzaoneka othithikana bwino, makoma ataima chilili.

Tsono za mbee ndi bii zija. Mzinda wonse unamangidwa ndi mwala wa laimu wooneka ngati uchi, womwe umabweza kuwala kwambiri. Mumsewu wopapatiza, dzuwa limaomba nyumba kumwamba kokha, pansi pali mthunzi. Kamera imayesa kugawa pakati, ndiye khoma lowala limapserera, ndipo chopserera sichikonzeka pa kompyuta. Jambulani mu RAW (fayilo yosakonzedwa yosunga zonse zimene kamera yaona), tsitsani exposure (kuchuluka kwa kuwala m'chithunzi) ndi 0.7 kapena 1, yatsani chizindikiro chija chimaphethira pamalo opserera. Mthunzi mudzaukweza pambuyo pake. Nthawi zina ingochotsani thambo m'chithunzi, musiye kachigawo kowala pakhoma, mudikire munthu adutsepo. White balance, yomwe imalinganiza mitundu, muichotse pa auto, muike pa Daylight. Auto imaona chikasu cha mwalawo ngati cholakwika n'kuchifufuta, makoma n'kutuluka otuwa ngati simenti.

Masana dzuwa lili paliwombo, lowani m'tchalitchi cha St John's Co-Cathedral. Polowa amalipiritsa, Lamlungu alendo saloledwa kuyendamo, mapewa akhale ophimba, ndipo nsapato za gogoda zosongoka amaletsa chifukwa pansi ponse ndi miyala ya manda ya marble pafupifupi 400. Flash ndiyoletsedwa. Bwererani pa 18mm pomwe lenzi yanu imatseguka mpaka f/3.5, ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) 1600 kapena 3200, shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) isachedwe kupitirira 1/30 ya sekondi, zigongono muzitsamize pachifuwa. Musaiwale kuloza kamera pansi, chifukwa manda aja ndi okongola ngati denga lomwe. Chithunzi chachikulu chopentedwa ndi Caravaggio cha kudulidwa mutu kwa Yohane M'batizi, cha 1608, chili m'chipinda chapambali. Pamenepo mpofunika kungoima n'kuona ndi maso.

Ku Upper Barrakka Gardens musapiteko m'mawa ngati mukufuna kujambula linga la Fort St Angelo ndi tauni ya Birgu kutsidya kwa Grand Harbour, chifukwa mudzakhala mukuyang'anizana ndi dzuwa ndipo lingalo lidzangooneka mdima. Pitani madzulo. Mzinga amaomba 12 koloko masana ndi 4 koloko, ndipo wa 4 koloko ndiye wabwino. Fikani kudakali mphindi 20 kuti mupeze malo pakhonde, shutter pa 1/1000, kamera izijambula motsatizana, popeza moto umangoti ng'ani kamodzi, utsi n'kumwazika ndi mphepo. Mukatero tsikani pa chikepe cha Barrakka, mamita 58, mukakwere kabwato ka dgħajsa kopita ku Birgu.

Madzulo a tsiku lachiwiri kwerani boti la ku Sliema, muyende mpaka Tigné Point. Denga lozungulira la tchalitchi cha Carmelite ndi nsonja ya St Paul's zimafiira dzuwa likamalowa, koma musachoke msanga. Pakatha mphindi 20 kapena 30, magetsi ayaka thambo likadali labuluu. Ikani kamera pa tripod kapena pakhoma, ISO 100, f/8, masekondi awiri mpaka asanu ndi atatu, ndipo gwiritsani timer kuti chala chisagwedeze.

Mukatuluka m'chipinda chozizira kulowa mu chinyezi cha panja, galasi limachita nkhungu, ndiye siyani kamera m'chikwama chotseka kwa mphindi 15. Pabwato madzi amchere amawaza, ndipo mcherewo ukauma umakanda galasi. Uzirani kaye ndi kapampu kampweya musanapukute. Masitepe ena anasalala ndi mapazi a zaka mazana, valani nsapato za mphira. Soketi za ku Malta ndi za mano atatu zomwezi za ku Malawi ndi ku Britain, tchaja yanu ilowa bwinobwino. Ngati pasipoti yanu ndi ya Malawi, mufunika viza ya Schengen (yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Malta) ngakhale mukukhala ku UK, ndiye yambani msanga kuitsata.