Ndingateteze bwanji khodi ya webusaiti posonyeza kasitomala chitsanzo?

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa ku Nchalo ndipo ndimapanga mawebusaiti a mabizinesi ang'onoang'ono muno m'chigwa cha Shire. Miyezi yapitayo bambo ena amene ali ndi malo ogona alendo opita kukaona nyama ku Lengwe anandipempha kuti ndiwasonyeze kaye chitsanzo asanalipire kalikonse. Ndinagwira ntchito milungu iwiri, ndinaika chitsanzocho pa intaneti n'kuwatumizira linki pa WhatsApp. Anati aganizire kaye, kenako anasiya kuyankha foni. Tsopano ndaona kuti ali ndi webusaiti yofanana ndendende ndi yanga, ndipo ngakhale liwu limene ndinalakwitsa polemba lili pomwepo. Mnzanga akuti nditseke batani lakumanja la mausi kuti anthu asamaone khodi. Kodi zimenezi n'zokwanira? Wowerenga wa ku Nchalo, Chikwawa.

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene, chifukwa milungu iwiri ya thukuta, ndi kutentha kwa kwanuko, si chinthu choti munthu angochitola ngati chatayidwa panjira. Koma malangizo a mnzanuyo sangakupulumutseni, ndipo ndi bwino mumvetse chifukwa chake.

Munthu akatsegula tsamba lanu, seva, yomwe ndi kompyuta yosunga webusaiti pa intaneti, imatumiza khodi yopanga tsambalo (HTML, CSS ndi JavaScript) ndi zithunzi zonse ku kompyuta kapena foni yake, pakuti browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, singasonyeze chinthu chimene sinachilandire. Choncho pamene bambowo anadina linki ija, khodiyo inali italowa kale m'manja mwawo. Mukatseka batani lakumanja, wodziwa amangodina Ctrl ndi U n'kuwerenga zonse, kapena F12, kapenanso Ctrl ndi S kuti asunge tsambalo. Palinso mapulogalamu aulere monga HTTrack amene amakopera webusaiti yonse pakanthawi kochepa. Ena amasokoneza dala kalembedwe ka JavaScript kuti ivute kuwerenga, koma wakuba safuna kuiwerenga ayi, amangofuna kuti igwire ntchito, ndipo imagwirabe. Chimene chimatsala kwa inu ndi khodi yoyendera pa seva, monga yolembedwa m'chinenero cha PHP, pamodzi ndi database (nkhokwe yosungira zinthu za webusaiti), chifukwa mlendo amangolandira zotsatira zake.

Ndiye chitetezo chanu chagona pa zimene mumalola kuti zichoke pa kompyuta yanu. Poyamba musamapange webusaiti yeniyeni. Jambulani maonekedwe ake, mwina ndi pulogalamu yojambulira ya Figma, ndipo mutumize zithunzi kapena PDF yokhala ndi dzina lanu lolembedwa modutsa pakati, osati pakona pamene munthu angadule mosavuta. Masamba awiri okha akukwana kuti kasitomala aone ngati mitundu ndi kakonzedwe zamusangalatsa. Akafuna kuona mabatani akugwira ntchito, nyamulani laputopu yanu mukamusonyeze pamaso. Ndi pulogalamu ya XAMPP webusaiti imayenda pa kompyuta yanu popanda intaneti, zomwe ndi zothandizanso kumene netiweki imavuta. Iye akhoza kudina mmene angafunire inu muli pambali, koma akakutulutsirani flash kuti akaonetse akunyumba, mukane mwaulemu. Ngati ali kutali, ku Bangula kapena ku Nsanje, ndipo ndalama ya minibasi ikukulemerani, musonyezeni sikirini yanu pa Zoom kapena Google Meet, kapena mumutumizire kanema wamfupi, chifukwa apo amalandira chithunzi chokha. Kutseka chitsanzo ndi pasiwedi kumaletsa anthu ongodutsa, koma amene mwamupatsa pasiwediyo angathe kukopera monga kale.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi yakuti munayamba ntchito popanda chikole. Telala wa pamsika wa Ngabu sadula nsalu asanalandire kangachepe, ndipo mmisiri womanga nyumba sakumba maziko pa lonjezo la pakamwa. Achinyamata ambiri a ntchito yanuyi amachita manyazi kutchula ndalama poopa kuthawitsa kasitomala, makamaka akakhala munthu wamkulu wodziwika pamudzi, koma amene akukana kupereka ngakhale gawo lochepa amakhala atakuuzani kale maganizo ake. Lembani mgwirizano, ngakhale wa tsamba limodzi, wonena mtengo, gawo lolipira poyamba, ndiponso kuti khodi ndi zojambula zidzakhala zanu mpaka ndalama yonse itaperekedwa. Nonse musayine. Chikolecho chidutse pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki kuti pakhale umboni, ndipo webusaiti ikhale pa seva yanu kufikira tsiku lomaliza kulipira.

Za bambo aja, musataye mtima. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera zolembalemba, ndipo umwini umayamba pamene mwalemba ntchitoyo, osati pamene mwailembetsa kwinakwake. Dziwani komabe kuti lamulo limateteza khodi, mawu ndi zithunzi zimene munapanga nokha, osati ganizo chabe loika chithunzi cha nyala pamwamba pa tsamba, ndiponso ngati munagwiritsa ntchito template, kutanthauza maonekedwe a webusaiti okonzedwa kale ndi ena, gawo limenelo si lanu. Liwu lolakwika lija ndi mboni yanu yamphamvu, choncho jambulani masamba awo lero lomwe asanalikonze. Sungani mauthenga a pa WhatsApp ndi mafayilo anu oyamba osawasintha, kuti madeti ake asasokonekere. Mukatero alembereni kalata yaulemu yotchula umboniwu ndi ndalama zimene mukufuna, ndipo muwapatse masiku oti ayankhe. Akapanda kutero, funsani uphungu ku bungwe la COSOMA, lomwe limaona za umwini wa ntchito zaluso, kapena kwa loya, musanalembe dzina lawo pa Facebook, chifukwa kumeneko mlandu ungathe kutembenukira inu.