Kodi Msilikali wa Masiku Ano Akufunikabe Kuphunzira Kumenyana ndi Manja ndi Mpeni?

Mmodzi wa owerenga, mnyamata amene akuti amaphunzira karate ndipo akulakalaka kudzalowa usilikali, wanditumizira funso ili pa imelo: popeza nkhondo za masiku ano zikumenyedwa ndi mizinga, ndege ndi ma drone, kodi pali phindu kuti msilikali aziphunzira kumenyana ndi manja kapena ndi mpeni, kapena ndi mwambo chabe umene akuluakulu a asilikali akungoukakamira?

Achimwene, phindu lilipo ndithu, koma silili pamene anthu ambiri amaganizira. Nkhonya ndi mpeni sizipambanitsa nkhondo. Ku Ukraine kuyambira mu 2022 asilikali ochuluka akuphedwa ndi mizinga ndi ma drone, osamuona n'komwe amene wawapha. Asilikali a dziko la America nawonso mu 2010 anachotsa pa maphunziro a olowa kumene gawo lothamanga n'kumabaya zidole ndi beneti, mpeni uja womangirira kukamwa kwa mfuti, pofuna kuti nthawiyo ipite ku zinthu zina. Msilikali akafika pogwirana ndi mdani, kawirikawiri ndiye kuti china chake chalakwika: mfuti yakana kulira, zipolopolo zatha, kapena walowa m'chipinda osadziwa kuti kuseri kwa chitseko kuli munthu.

Vuto n'lakuti kunkhondo zinthu zimalakwika kawirikawiri. Peter Jensen, wa ku sukulu ya asilikali ya West Point, anaunika mayankho a asilikali 1,226 a ku America amene anabwerako ku Iraq ndi ku Afghanistan pakati pa 2004 ndi 2008, ndipo anapeza kuti 216 mwa iwo anagwiranapo ndi munthu ali pa ntchito. Chimene chimandikhudza kwambiri pa kafukufukuyu si kuchuluka kwa anthuwo ayi, koma mtundu wa ndewu zake: zambiri zinali zolimbana, kukankhana ndi kugwetsana pansi, osati zibakera ndi mateche.

Chifukwa chake chimaoneka mukaganizira mmene msilikali amalowera m'nyumba yoti aichite chipikisheni. Wavala chisoti ndi chovala chotchinga zipolopolo, pachifuwa pali matumba a zipolopolo, kumsana madzi ndi wailesi, zonse pamodzi n'kupitirira makilogalamu 20, ndipo manja onse awiri agwira mfuti. Akangodutsa pakhomo, munthu wina n'kugwira mpope wa mfutiyo n'kuyamba kukoka. Pamenepo mwendo sungakwere kufika kumutu kwa munthu, ndipo kusiya mfuti kuti aponye chibakera ndiko kuipereka kwa mdani. Chimene msilikaliyo akufunika kudziwa n'chochepa: kutsitsa thupi kuti asagwe, kuikokera mfuti pachifuwa, kumukankhira munthuyo kukhoma ndi phewa kapena ndi chisoti, ndi kupeza mpata wa sitepe imodzi kapena ziwiri. Matt Larsen, amene anayambitsa maphunziro amakono a kulimbana m'gulu la asilikali a ku America la ma Ranger cha m'ma 1995, anawamanga pa masewero olimbana a jiu-jitsu ya ku Brazil pa chifukwa chomwechi, ndipo aphunzitsi a maphunzirowo amakumbutsa ophunzira kuti wopambana pa ndewu yotere ndi amene mnzake wayamba kufika ndi mfuti. Ntchito ya luso la manja ndiyo kumusunga msilikali wamoyo mpaka mnzakeyo atafika.

Palinso mfundo ina imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, makamaka kwa inu amene mukufuna kulowa m'gulu la asilikali a kuno kwathu. Munthu wogwira mfuti uja sakhala mdani nthawi zonse. Akhoza kukhala bambo wogwidwa ndi mantha amene akuteteza ana ake, kapena chidakwa cha pa rodibuloko. Asilikali a Malawi akhala akutumizidwa ku Democratic Republic of Congo kuyambira mu 2013, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, ndipo ngakhale kumeneko kuli nkhondo yeniyeni, ntchito yaikulu ya tsiku ndi tsiku imachitikira pakati pa anthu wamba. Msilikali amene sadziwa kupinda mkono wa munthu, kumugoneka pansi ndi kumumanga osamuvulaza amatsala ndi njira ziwiri zokha, kukalipa kapena kuombera, ndipo mantha akamukulira amasankha yachiwiriyo. Chipolopolo chimodzi cholakwika chikhoza kudanitsa mudzi wonse ndi asilikali amene anabwera kudzauteteza. Nthawi zina mfuti imaletsedwa ndi pangano lenileni: pa 15 June 2020 ku chigwa cha Galwan, asilikali a India ndi a China anamenyana ndi zibonga, miyala ndi manja, chifukwa mgwirizano wa mu 1996 umaletsa kuombera pafupi ndi malire a mayiko awiriwa, ndipo asilikali 20 a India anafa usiku umenewo.

Za mpeni ndili ndi chikayiko chachikulu. Mbiri yake yambiri inachokera kwa William Fairbairn ndi Eric Sykes, amene anagwirapo ntchito ndi apolisi a mumzinda wa Shanghai ndipo mu 1940 anayamba kuphunzitsa makomando a ku Britain ku Scotland. Mpeni wawo wosongoka, wakuthwa konsekonse, unali wa ntchito imodzi, yopha mlonda mwakachetechete usiku. Lero ntchito imeneyo ikuchitika ndi mfuti zotsekereza phokoso ndi magalasi oonera mumdima. N'zoona kuti mpeni umapulumutsabe munthu mwa apo ndi apo. David Bellavia, msilikali wa ku America, anapha mdani ndi mpeni atagwirana naye m'nyumba ina ku Fallujah, ku Iraq, mu November 2004, ndipo mu 2019 analandira mendulo yapamwamba kwambiri ya dziko lake. Koma nkhani yake imatchuka chifukwa zotere sizichitikachitika. Maphunziro oti anthu awiri azizungulirana aliyense mpeni uli m'manja ndimawaona ngati kutaya nthawi, pakuti pa ndewu yeniyeni ya mipeni onse awiri amachekeka, ndipo wopambanayo naye akhoza kufera panjira yopita kuchipatala. Chothandiza n'kuphunzira kuzindikira msanga dzanja limene likubisa mpeni ndi kusalola munthu wokayikitsa kuyandikira. Masiku ena onse mpeni wa msilikali umadula chingwe, umatsegula chitini cha chakudya, ndiponso umang'amba yunifomu ya mnzake wovulala kuti bala lioneke.

Beneti nayo sinatheretu. Asilikali a ku Britain anaigwiritsa ntchito pa phiri la Tumbledown ku zilumba za Falkland mu June 1982, komanso pafupi ndi Al Amarah ku Iraq pa 14 May 2004. Mphamvu yake yeniyeni ili m'maganizo: amene waimangirira kumfuti watsimikiza mtima kuti apita kutsogolo, ndipo amene akuiona ikubwera nthawi zambiri amathawa kapena kukweza manja isanamufike.

Apa mpamene karate yanu ingakupindulitseni, ngati kumene mumaphunzirako mumamenyanadi osati kungomenya mphepo. Munthu amene sanalandirepo chibakera kumaso amauma thupi tsiku limene wachilandira koyamba, ndipo ndi bwino kuti tsiku limenelo limupeze pa bwalo la maphunziro. N'chifukwa chake ofuna kulowa gulu la Parachute Regiment ku Britain amawavalitsa magolovesi n'kuwauza kuti aponyerane nkhonya kwa mphindi imodzi yathunthu, osazinda kapena kubwerera m'mbuyo. Oyesawo sayang'ana luso, koma amafuna kuona ngati munthu angapitirize kuchita zimene wauzidwa pamene mphuno ikutuluka magazi.

Komabe nthawi ya maphunziro ndi yochepa, ndipo ola lililonse lopita ku ndewu lachotsedwa ku kuombera, kuwerenga mapu kapena chithandizo choyamba. Private Chancy Chitete, msilikali wathu amene anafa mu November 2018 pomenyana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi Beni ku Congo, ndipo bungwe la United Nations linamulemekeza mu 2019 ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, anapulumutsa mnzake wa ku Tanzania pomukokera pobisalika zipolopolo zikuvumba ndi kumupatsa chithandizo choyamba. Luso lotero limafunika kawirikawiri kuposa la mpeni.

Choncho musasiye karate, koma muwonjezerepo judo kapena masewero ena olimbana, kuti muzolowere kugwidwa, kugwa ndi kudzuka msanga. Muzithamanga mitunda italiitali mutabereka chikwama cholemera, muziyeserera kunyamula mnzanu wa msinkhu wanu paphewa, ndipo mukapeza maphunziro a chithandizo choyamba, monga a Red Cross, mukaphunzire kumanga mwendo wotaya magazi musanapite n'komwe ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima.