Mayi akakula ku Hollywood amasowa, nanga ku France bwanji sasowa?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuti amaonera mafilimu usiku ana akagona. Funso lake mwachidule linali ili: "M'mafilimu a ku America mkazi akangopitirira zaka 40 amasanduka mayi kapena agogo a munthu wina, koma m'mafilimu a ku France ndimaona amayi a imvi nkhani yonse ili pa iwo. Kodi anthu a ku France amalemekeza akazi kuposa a ku America?"

Achemwali, maso anu sanakunamizeni. Koma za ulemuzo ndikukayika. Ine ndimaona kuti gwero lake ndi thumba lomwe ndalama zopangira filimu zimachokera.

Ku France boma lili ndi bungwe loona za mafilimu lotchedwa CNC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1946. Pa tikiti iliyonse yolowera m'nyumba ya kanema pamadulidwa msonkho wa pafupifupi magawo 11 pa 100 alionse, ngakhale filimuyo ikhale ya ku America, ndipo ndalamazo zimakathandiza makampani a mafilimu a m'dzikomo. Kuyambira 1959 palinso dongosolo lopatsa wopanga filimu ndalama asanayambe kujambula, zodzabweza filimuyo ikadzapindula. Nawo mawayilesi a kanema, monga Canal+, lamulo limawakakamiza kuikapo ndalama. Choncho munthu atha kupanga kafilimu ka ndalama zochepa konena za mayi wa zaka 65 popanda kusowa tulo kuti kaya achinyamata a ku China ndi ku Brazil akagula matikiti. Ku Hollywood, likulu la mafilimu a ku America, filimu yaikulu imadya madola mamiliyoni 100 kapena kuposa, ndipo eni ndalama amafuna nkhope imene akuganiza kuti igulitsa paliponse. Kawirikawiri nkhope imeneyo siikhala ndi makwinya.

Taonani Isabelle Huppert, wosewera mafilimu wa ku France wobadwa mu 1953. Filimu ya Elle ya 2016 poyamba inkafuna kujambulidwa ku America, koma wotsogolera wake Paul Verhoeven ananena yekha kuti akazi otchuka a kumeneko anaikana chifukwa nkhani yake ndi yovuta. Anaitengera ku France, Huppert n'kuilandira ndi manja awiri, ndipo ali ndi zaka 63 analowa m'gulu la opikisana pa Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America. Emmanuelle Riva ndiye anachita kuposa apo: anasankhidwa kupikisana nawo ali ndi zaka 85 chifukwa cha filimu ya Amour, ndipo mwambo wopereka mphotowo unachitika pa 24 February 2013, tsiku lenileni lomwe ankakwanitsa zaka 86. Sanapambane, ndipo mpaka lero zimandiwawabe pang'ono.

Ku America kudandaula kumeneku si kwa lero. Mu 1962 Bette Davis, amene anali kale ndi ma Oscar awiri, anaika chilengezo m'nyuzipepala ya za mafilimu chofuna ntchito, ngati munthu wongoyamba kumene. Ena amati zinali nthabwala chabe, koma nthabwalayo inali ndi minga. Mu 2015 Maggie Gyllenhaal anaulula kuti anauzidwa kuti pa zaka 37 wakula kwambiri moti sangasewere ngati chibwenzi cha mwamuna wa zaka 55.

Chimene chimandisangalatsa mwa amayi a ku America n'chakuti iwo sanadikire boma. Amene ndimamuvulira chipewa ndi Olivia de Havilland. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kampani ya mafilimu inkakulemba ntchito kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ukakana kusewera mbali imene wapatsidwa inkakuimitsa popanda malipiro, kenako miyezi yomwe unakhala pakhomoyo n'kuiwonjezera kumapeto kwa mgwirizano. Ukakana kangapo, zaka zisanu ndi ziwiri zija sizinkatha. Davis anayesa kulimbana ndi kampani ya Warner Bros kukhoti ku London mu 1936, anagonja. De Havilland anasumira kampani yomweyo mu 1943 itamuwonjezera miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mu 1944 khoti la apilo ku California linagamula kuti zaka zisanu ndi ziwiri ndi za pakalendala basi. Anakhala pafupifupi zaka ziwiri osajambula filimu chifukwa cha mlanduwo. Atayamba kudzisankhira yekha nkhani zoti asewere, anatenga ma Oscar awiri. Chodabwitsa, mayi ameneyu anasamukira ku Paris m'zaka za m'ma 1950 ndipo anamwalirira komweko mu 2020 ali ndi zaka 104.

A masiku ano njira yawo ndi kukhala eni ake a ntchitoyo. Reese Witherspoon ataona kuti mbali zabwino zikuchepa anayamba kugula ufulu wa mabuku onena za akazi n'kumawasandutsa mafilimu kudzera m'kampani yake. Hello Sunshine anaikhazikitsa mu 2016. Frances McDormand anapambana Oscar wake wachitatu wa katswiri wamkazi mu 2021 ali ndi zaka 63, pa filimu yomwe ufulu wa buku lake anagula nawo iye mwini.

Tsono musaganize kuti ku France ndi kumwamba. Ife akunja timangoona mayina ochepa omwewo, Huppert, Catherine Deneuve, Juliette Binoche, n'kumayesa kuti onse zikuwayendera. Osewera anzawo osatchuka kwenikweni anafika pokhazikitsa gulu lodandaula za chimene amachitcha ngalande ya zaka 50, kutanthauza kuti mayi amalowa mumdima pa msinkhu umenewo n'kudzatulukira kwinaku ali agogo. Ndipo pa nkhani ya ulemu imene munafunsa, kumbukirani za February 2020 pa mwambo wa mphoto za César, zomwe ndi mphoto zazikulu za mafilimu ku France, ku Paris. Mphoto ya wotsogolera filimu itaperekedwa kwa Roman Polanski, amene anathawa ku America mu 1978 atavomera mlandu wogona ndi mtsikana wa zaka 13, wosewera mafilimu wina wamkazi, Adèle Haenel, anadzuka n'kutuluka m'holomo makamera akumujambula. Mu 2023 analemba kalata yolengeza kuti wasiya mafilimu chifukwa makampani ake amatchinjiriza anthu ozunza akazi. Anali ndi ma César awiri, ndipo zaka zake zinali 34 zokha.