Puloteni iti ikulamula inzake?

Mchemwali wina wophunzira sayansi ya zamoyo wanditumizira imelo. Akuti akathira mankhwala pa maselo, mapuloteni ake awiri amakwera limodzi nthawi zonse, ndiye adziwa bwanji imene ikulamula inzake? Achemwali, funso lanu landifika pamtima, chifukwa ine linandidyera miyezi inayi yathunthu.

Ndili wophunzira ndinkayesa mapuloteni awiri onyamula uthenga m'maselo, Akt ndi mTORC1. Ndikathira insulin, zonse ziwiri zinkadzuka, ndipo ndinajambula muvi umodzi m'kope langa: Akt imadzutsa mTORC1, nkhani yatha. Tsiku lina ndinathira rapamycin, mankhwala otseka mTORC1, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti Akt sisintha popeza ili kumtunda, kumene uthenga umachokera. Nditatulutsa western blot, chithunzi choonetsa mapuloteni ngati mizere, mzere wa Akt yodzuka unali utada bii kuposa kale. Ndinati mwina ndasokoneza machubu. Ndinabwereza katatu, kachitatuko usiku ndili ndekha mu labu, manja atazizira ndi ayezi. Mzere uja osasuntha.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamvetsa. Kumunsi kwa mTORC1 kuli puloteni ina, S6K, ndipo iyo imabwerera kumtunda kukafooketsa IRS1, puloteni yothandiza uthenga wa insulin kufika kwa Akt. Ukatseka mTORC1 wachotsa buleki, Akt n'kuthamanga.

Kuyambira pamenepo zithunzi za mivi zija za m'mabuku sindizikhulupirira msanga. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Zimaphunzitsa ana kuti uthenga umayenda ngati madzi mumpopi, ndipo ndikunenetsa kuti kuphunzitsa kotere n'kulakwa. Ngakhale pa mndandanda wa mapuloteni Ras, Raf, MEK ndi ERK umene timaloweza m'kalasi, ERK imabwerera kukatonthoza Raf. Chinanso chimandiwawa: ambiri akangoona phosphate, kachidutswa kamene maselo amamata pa puloteni, amati puloteniyo yadzuka. Ayi! Akt ikaika phosphate pa puloteni ya GSK3, imaigoneka. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs analandira mphoto ya Nobel mu 1992 chifukwa chosonyeza kuti phosphate imaikidwa n'kuchotsedwanso, koma chimene ichite zimadalira malo amene yatera.

Nanga inu muchite chiyani?

Kukwera limodzi si umboni. Tambala amalira m'bandakucha koma satulutsa dzuwa. Tsekani yoyamba ndi mankhwala kapena siRNA (imene imaletsa maselo kupanga puloteniyo), muone yachiwiri, kenako mutembenuze. Tengani maselo pa mphindi 2, 5, 15 ndi 30, muone yoyamba kudzuka. Mukatseka yoyamba n'kuika yachiwiri yodzuka yokha, uthenga n'kupitirirabe, ndiye kuti yachiwiriyo ili kumunsi. Munditumizire chithunzi cha blot yanu, tiione limodzi.