Magetsi a Sienta achita chikasu: kodi Colgate angathandize?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Kasungu amene ali ndi Toyota Sienta ya 2008. Akuti magalasi a magetsi akutsogolo achita chikasu ndi chifunga, moti usiku sakuona bwino msewu. Mnzawo wawauza kuti angopakapo Colgate, basi zitheka. Akufunsa ngati zili zoona, kapena angogula magetsi ena.

Zikomo bambo polemba. Chimene timachitcha galasicho kwenikweni ndi pulasitiki yolimba yotchedwa polycarbonate. Opanga magalimoto anayamba kuikonda m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 chifukwa ndi yopepuka, ndipo mwala ukaigenda siphwanyika msanga. Koma dzuwa ndi mdani wake. N'chifukwa chake kufakitale amaipaka mankhwala oonekera, opyapyala, oiteteza ku kuwala kwa dzuwa kotchedwa UV. Sienta yanuyo yawambidwa zaka zambiri, kuyambira ku Japan komweko mpaka dzuwa lathu la Okutobala, fumbi nalonso likuikwecha. Mankhwala aja anatha, ndipo pulasitiki yapamwamba yapsa. Chikasu mukuchionacho ndi chimenecho.

Musaitenge ngati nkhani yongokongoletsa galimoto. Mu 2018 bungwe la oyendetsa magalimoto la AAA la ku America linayesa magetsi oterewa ndipo linapeza kuti amatulutsa pafupifupi 20 peresenti yokha ya kuwala kwa magetsi atsopano. Ganizirani msewu wa M1 usiku, akabaza opanda nyali, anthu akuchokera kumsika akuyenda m'mphepete mwa phula. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Za Colgate, mnzanuyo sananame kwenikweni. Mankhwala otsukira mano ali ndi timchenga tosalala timene timapala pang'ono pamwamba. Ndinayesapo pa Vitz yanga, magetsi anaoneka bwino ndithu, koma pasanathe miyezi iwiri chikasu chinabwerera. Colgate amapala, koma sabwezeretsa chitetezo chija. Ena amapopera mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET. Amenewo musayerekeze, amasungunula pulasitiki, imasanduka yomatamata.

Musanagule chilichonse, yendetsani chikhadabo pagalasipo. Ngati pali pokhakhala, vuto lili kunja ndipo likonzeka. Ngati ndi posalala koma mkati mukuoneka timadontho ta madzi, ndiye kuti pena pakulowa madzi, ndipo kukwecha kunja sikungathandize.

Ngati vuto lili kunja, gulani sandipepa yogwiritsa ntchito ndi madzi ya nambala 800, 1500, 2000 ndi 3000. Tsukani magetsiwo ndi sopo, kenaka matani tepi mozungulira, kawiri ngati n'kotheka, kuti musakande penti ya bonati ndi bampala. Viikani sandipepayo m'madzi kwa mphindi khumi. Yambani ndi 800, mukukwecha mopingasa, madzi asaume. Muona madzi achikasu akutsetsereka pabampala ngati msuzi wa dzungu. Pitirizani mpaka madziwo ayambe kutuluka oyera ngati mkaka. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha, chifukwa galasi lonse limayera mbuu, kuipa kuposa poyamba. Musasiye, ndi mmene ziyenera kukhalira. Tengani 1500, mukwechere chokwera ndi chotsika. Nambala iliyonse muzisintha mbali yokwechera, kuti muziona ngati mikwingwirima ya nambala yapitayo yafufutika. Osathamanga pa 800 ndi 1500, ntchito yaikulu ili pamenepo. Mukafika pa 3000, galasi likanyowa lizioneka mbee.

Tsopano pulasitikiyo ili pamtunda, yopanda choiteteza. Mukangoipolisha n'kuisiya, m'miyezi yochepa mubwerera pomwe munayambira. Iyenera kupakidwa clear coat, penti yoonekera yoteteza ku UV, ndipo yolimba kwambiri ndi ya 2K, imene amasakaniza ndi mankhwala oumitsa otchedwa hardener, yomwe amapopera pamwamba pa penti ya galimoto. Mpweya wake ndi woopsa kumapapo, choncho ine ndimalangiza kuti gawo ili mulipereke kwa wopopera penti amene ali ndi chigoba choyenera chakumphuno. Mukambirane naye musanayambe kukwecha. Ambiri amafuna galasi lokwechedwa ndi 800 kapena 1000 basi, losapolishidwa, kuti clear coat igwire bwino, ndiye simudzafunika nambala zinazo. Mumufunsenso maso ndi maso ngati ilidi 2K, chifukwa vanishi wamba amasweka ndi kusenda.

Chinthu china: musathamangire kuika mababu a LED owala kwambiri m'magetsi amene magalasi ake achita chifunga. Kuwalako kumangomwazika, kuthobwa m'maso oyendetsa anzanu, inu msewu osauonabe.

Magetsi ena mugule pokhapokha ngati pulasitiki yang'ambika mpaka mkati, kapena mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu yasenda. Apo ayi, konzani omwewo, ndipo kunyumba muziimika Sientayo pamthunzi kapena moyang'anitsa kukhoma.